Njinga Ziŵiri za ku Britain ndi Mseu wa pa Nathenje

Munthu akaima pa Nathenje m'maŵa, pamene mseu waukulu wa M1 wochokera ku Lilongwe umadzera poloza ku Dedza, chimene amayamba kumva ndi kulira kwa njinga zamoto. Zimaima mondondozana m'mbali mwa mseu, eni ake atakhala pamwamba, kudikira wotsika minibasi amene akufuna kuloŵa m'midzi ya kwa Chadza kapena kwa Kalumba. Ku Mitundu tsiku la msika nkhani ndi yomweyo. Ana obadwa zaka zaposachedwa amayesa kuti zinthu zidali chomwechi chiyambire. Komatu m'chaka cha 2007 njinga yamoto idali ya mlangizi wa zaulimi, ya wansembe ndi ya wogwira ntchito m'mabungwe, ndipo ikadutsa m'mudzi ana ankatuluka kukaithamangira. M'chaka chomwecho njinga zamoto zikuluzikulu ziŵiri zidadutsa m'dziko lino pa ulendo wochokera ku Scotland, ndipo anthu miyandamiyanda a ku Britain adaziona pa wailesi yakanema. Mbiri ya pologalamu imeneyo, ndi m'mene idalandiridwira, ndiyo nkhani ya lero.

Lamulungu madzulo, pa 4 Novembala 2007, wailesi yakanema ya BBC Two idaonetsa Africa kaŵiri motsatizana. Poyamba padali Top Gear, pologalamu ya za magalimoto imene idayamba m'chaka cha 1977 ndi kukonzedwanso mwatsopano mu 2002. Usiku umenewo oulutsa ake atatu, a Jeremy Clarkson, a Richard Hammond ndi a James May, adali ku Botswana. Aliyense adapatsidwa mapaundi 1,500 kuti agule galimoto yakale. A Clarkson adagula Lancia Beta ya 1981, a May adagula Mercedes-Benz ya 1985, ndipo a Hammond adasankha kagalimoto kotchedwa Opel Kadett ka 1963, kamene adakakonda mpaka kukapatsa dzina loti Oliver. Adayenda mamailosi pafupifupi 1,000, kuchoka kumalire a Zimbabwe kukafika kumalire a Namibia, kudzera pa chidikha cha mchere cha Makgadikgadi. Ngakhale a Ian Khama, amene pa nthaŵiyo adali wachiŵiri kwa Pulezidenti wa Botswana, adaoneka m'kanemamo.

Cholinga chimene atatuŵa adanena chidali choti aonetse anzawo a ku England kuti munthu safunika chigalimoto chachikulu cha m'tchire pongopita kusitolo, pakuti galimoto yotha ntchito imatha kuoloka dziko lonse la mu Africa. Oonera adaseka nakondwa. Kuno kwathu mfundo imeneyi sikadadabwitsa aliyense, popeza dalaivala wa matola aliyense amaitsimikiza tsiku ndi tsiku popanda womjambula. Dandaulo lalikulu limene lidamveka lidachokera kwa osamala zachilengedwe, makamaka bungwe la Environmental Investigation Agency, amene adaopa kuti matayala aononga chidikha chija ndiponso kuti alendo ena adzatengera chitsanzo.

Top Gear itatha padabwera gawo lachiŵiri la pologalamu yatsopano yotchedwa Long Way Down. Imeneyi ndiyo idakhudza Malaŵi. Idayamba kuonetsedwa pa 28 Okutobala 2007 ndipo idatha pa 2 Disembala, zigawo 6, chigawo chimodzi Lamulungu lililonse. Eni ulendo adali a Ewan McGregor, katswiri wa zisudzo za pa kanema wa ku Scotland, ndi bwenzi lawo a Charley Boorman, mwana wa mkulu wina wotchuka pokonza mafilimu, a John Boorman. Aŵiriŵa adali atadziŵika kale ndi ulendo wa 2004, wotchedwa Long Way Round, pamene adachoka ku London kuloza kum'maŵa, kudzera ku Kazakhstan, Mongolia ndi Siberia, mpaka kukafika ku New York. Ulendo woyambawo anthu adaukonda chifukwa cha mavuto ake enieni: matope, mitsinje yopanda milatho, ndi amuna aŵiri otopa amene nthaŵi zina misozi inkalengeza m'maso mwawo. Tsono funso lidali loti kodi Africa adzaŵapatsa chiyani choposa pamenepo.

Adanyamuka ku John o' Groats, kunsonga ya kumpoto kwa Scotland, pa 12 Meyi 2007, ndipo adafika ku Cape Town pa 4 Ogasiti. Adayenda masiku 85, mamailosi pafupifupi 15,000, m'maiko 18. Njinga zawo zidali za mtundu wa BMW R1200GS Adventure, iliyonse ya injini ya 1,170cc, thanki yoloŵa malita 33, ndi kulemera koposa makilogalamu 250 isanasenze katundu. Ngakhale nkhani inkanenedwa ngati ya anthu aŵiri, panjirapo sadali aŵiri okha. Njinga yachitatu idali ya wojambula, a Claudio von Planta. Pambuyo pankabwera magalimoto a Nissan Patrol onyamula okonza pologalamu, a David Alexanian ndi a Russ Malkin, pamodzi ndi dokotala, wojambula wina, woona za chitetezo, mahema ndi zipangizo zokonzera njinga. M'dziko lililonse munkakhalanso munthu wa komweko wodziŵa njira ndi chiyankhulo, wokamba ndi akuluakulu a pachipata.

Chimene chidalamulira theka loyamba la ulendowu ndi nthaŵi. Sitima ya pamadzi yochoka ku Aswan m'dziko la Egypt kupita ku Wadi Halfa ku Sudan inkanyamuka kamodzi pa mlungu, choncho adathamanga m'dziko la Libya ndi la Egypt ngati anthu othamangitsidwa. Iwo eni adadandaula pamaso pa makina ojambulira kuti akudutsa maiko osaŵaona. Atapitirira Sudan ndi Ethiopia adaloŵa Kenya ndi Uganda, ndipo ku Rwanda adakaona anyani akuluakulu a m'mapiri nachezanso ndi Pulezidenti Paul Kagame. Kuchoka apo adatsika ndi Tanzania, ndipo m'mwezi wa Julayi adaloŵa m'Malaŵi cha kumpoto.

Malaŵi amene oonera adamuona adali wa zinthu zitatu. Choyamba chidali nyanja, yokongola monga mwa masiku onse, malo opumulirapo anthu otopa ndi fumbi. Chachiŵiri chidali nkhani ya m'banja: mai Eve, amene pa nthaŵiyo adali akazi a McGregor, adaphunzira kuyendetsa njinga yamoto chifukwa cha ulendo womwewu, ndipo adadzakumana ndi gululo kuti ayende nalo m'Malaŵi mpaka ku Zambia. A Boorman poyamba sadakondwe nazo, ndipo kusakondwako kudajambulidwa. Chachitatu chidali ana. A McGregor adakhala kazembe wa UNICEF mu 2004 ndipo adali atabwerapo kale m'dziko lino pa ntchito ya bungwelo, motero paulendowu adapatuka kukaona malo a m'mudzi osamalirako ana, ambiri mwa iwo amasiye chifukwa cha Edzi. Atatero adatulukira ku Zambia, kuloza ku mathithi a Victoria, Namibia, Botswana ndi South Africa.

Ku Britain pologalamuyi idalandiridwa paŵiri. Anthu ambiri adaitsatira mpaka kumapeto, ndipo buku la ulendowo lidapata mphoto ya British Book Awards m'chaka cha 2008 pa mabuku a nkhani zoona okondedwa ndi anthu. Mabungwe atatu adapindula ndi ndalama komanso kudziŵika: UNICEF, bungwe la ku Scotland losamala ana odwala matenda osachiritsika la CHAS, ndi Riders for Health. Koma padali ena, olemba m'nyuzi ndi okonda njinga zamoto, amene sadakhutire. Iwo adati ulendowu udali wothamanga kwambiri, kuti nthaŵi yochuluka idathera pa kukonzekera ndi pa kukangana za ndondomeko, ndiponso kuti munthu amene akutsatidwa ndi dokotala ndi magalimoto odzaza zipangizo sayenera kudandaula kwambiri za kutopa. Kubwera kwa mai Eve nako kudautsa mtsutso wautali pakati pa oonera, ena kunena kuti adasokoneza ulendo wa amuna aŵiri, ena kuŵayamikira kulimba mtima.

Chooneka bwino m'mtsutso wonsewo ndi ichi: udali wokamba za alendowo, khalidwe lawo, banja lawo ndi ubwenzi wawo. Maiko amene adadutsamo adali ngati nsalu yopachika kumbuyo kwa ochita sewero. Za ngati Malaŵi adaonetsedwa moyenera sizidali pakati pa zokangana zikuluzikuluzo.

Nkoyenera kuŵapatsa alendoŵa ulemu umene auyenera. Asananyamuke adachenjezedwa kaŵirikaŵiri kuti Africa ndi malo a zigaŵenga ndi nkhondo, koma iwo adabwerera akunena poyera kuti adakumana ndi anthu aulemu ndi ochereza. Kwa oonera ozoloŵera kuona Africa pa nkhani za njala zokhazokha, umboni umenewo sudali waung'ono. Ndiponso nkhani ya ana amasiye sadaipeke. Kafukufuku wa boma wa 2004 adapeza kuti pafupifupi anthu akuluakulu 12 mwa 100 alionse adali ndi kachirombo koyambitsa Edzi, ndipo palibe mudzi wa ku Nathenje kapena ku Mitundu umene sudadziŵe maliro a zaka zimenezo. Agogo olera zidzukulu adalipo, ndipo adayenera kuonedwa.

Koma m'mwezi womwewo wa Julayi 2007 padali nkhani zina pa miseu ya m'chigwa cha Lilongwe. Iyo ndi nyengo yozizira, minda itakololedwa, pamene ngolo zimatsika kumisika ndi matumba, ndipo malole a fodya amandondozana kupita ku okushoni ku Kanengo. Chaka chimenecho chimanga chidachuluka koposa. Njala ya 2005 itapita, boma la Pulezidenti Bingu wa Mutharika lidayamba kugaŵa makuponi a feteleza wotsika mtengo, mvula nayo idagwa bwino, ndipo chiŵerengero cha boma chidaika zokolola za 2007 pa matani oposa 3 miliyoni. Malaŵi adagulitsa chimanga ku Zimbabwe napatsako Lesotho ndi Swaziland. Pa nkhani ya Edzi yomweyo zinthu zidali zitayamba kusintha: mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, ndipo pofika 2007 anthu oposa 100,000 adali atayamba kulandira. Pa 2 Disembala 2007, tsiku lenileni limene BBC Two idaonetsa chigawo chomaliza cha ulendowu, nyuzi ya The New York Times idasindikiza nkhani yaikulu yofotokoza m'mene Malaŵi adagonjetsera njala posamvera akatswiri akunja. Akatswiri akhala akutsutsana za ziŵerengero za zokololazo ndi za mtengo wa makuponi, komabe chaka chimenecho nkhokwe za m'midzi yambiri zidali ndi chimanga. Munthu wothamangira tsiku loti akafike ku Cape Town sakadakhala ndi mpata wosuzumira m'nkhokwe.

Kaonedwe kotere sikadayambe ndi wailesi yakanema. Kum'mwera kwa Nathenje, pa mseu womwewu, pali mlatho wa Diamphwe, pamene boma la Lilongwe limachitira malire ndi la Dedza. M'mwezi wa Okutobala 1866 Dr David Livingstone, m'Scotland mnzawo wa a McGregor, adaoloka mtsinje umenewu pa ulendo wake womaliza, ndipo m'buku lake la tsiku ndi tsiku adatchula Diamphwe ndi mapiri a Dzalanyama. Adaona midzi yothithikana, minda, ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndi anthu okhala mwamantha chifukwa cha nkhondo za Angoni. Pa nthaŵiyo adali pa usiŵa wa anthu. Amuna a ku chilumba cha Johanna amene adaŵalemba ntchito adali atamthaŵa mwezi wapitawo, nakafalitsa ku Zanzibar bodza loti waphedwa. Motero ankayenda mopempha, mudzi ndi mudzi, kuti mfumu impatse anthu onyamula katundu mpaka kwa mfumu ina. Maina a Chuma ndi Susi adasungika chifukwa adakhala naye kufikira imfa yake mu 1873. Koma amuna a m'midzi ya kuno amene adasenza mitolo yake tsiku limodzi kapena aŵiri, namuonetsa pooloka mtsinje, ambiri mwa iwo maina awo sadalembedwe.

Patapita zaka 30 ndi mphambu, mnyamata wina wa ku England, Ewart Grogan, adadutsa Nyasaland pa ulendo umene udamtchukitsa ngati munthu woyamba kuyenda kuchoka ku Cape kukafika ku Cairo, ndipo adamaliza mu 1900. Nayenso katundu wake adayenda pamitu ya amtengatenga. Nyengo ya injini itafika mwambowo udapitirira. Mu Disembala 1934 akazi aŵiri a ku England, Theresa Wallach ndi Florence Blenkiron, adanyamuka ku London pa njinga yamoto ya Panther yokhala ndi kangolo kumbali, adaoloka chipululu cha Sahara, nafika ku Cape Town mu Julayi 1935, popanda dokotala kapena galimoto yoŵatsatira. Choncho a McGregor ndi a Boorman adaloŵa m'nkhani yakale imene anthu a ku Britain amaikonda, ya munthu wakwawo amene adziyesa mphamvu poyenda Africa kuchoka nsonga ina kufika nsonga ina. M'nkhani yotere mseu ndi mayeso, ndipo anthu okhala m'mbali mwake ndi omuthandiza mlendo kapena omukweza dzanja akamadutsa.

Kusiyana kwake nkwakuti Livingstone ankayenda pansi. Kuchedwa kwakeko ndiko kudampatsa mpata woona ng'anjo ndi kufunsa dzina la mtsinje. Njinga ya 1,170cc imadutsa mlatho wonga wa Diamphwe m'kuphethira kwa diso.

Nanga eni dziko adaiona bwanji pologalamuyi? Apa mpofunika kukumbukira m'mene zinthu zidaliri. M'zaka zonse za ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda dziko lino lidalibe wailesi yakanema yakeyake. Mau a MBC ndiwo ankafika m'midzi kuyambira 1964. Television Malawi idayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999, kutanthauza kuti alendoŵa podutsa idali ndi zaka 8 zokha. Nyumba zokhala ndi magetsi sizinkakwana 10 pa 100 zilizonse m'dziko lonse, ndipo kumidzi zidali zochepa koposa apo. Mapologalamu a BBC ankafika kwa okhawo otha kulipira mbale ya setilaiti mwezi ndi mwezi, ambiri a iwo a m'tauni. M'malo a malonda onga Nathenje ndi Mitundu kanema wa anthu wamba adali wa m'zinyumba za vidiyo, kumene munthu ankalipira pakhomo kuti aone mpira, mafilimu a ndeu kapena a ku Nigeria. Motero anthu amene adajambulidwa akukweza manja m'mbali mwa mseu ndiwo adali ndi mwai wochepetsetsa wodziona okha. Kanemayo adali wa Malaŵi pa dzina, koma adaphikidwira mbale za ku Britain.

Pali chinthu chimodzi m'pologalamuyi chimene chidaloza kutsogolo kuposa zonse, ngakhale chidatenga mphindi zochepa. Ali ku Kenya, alendoŵa adakaona ntchito ya Riders for Health. Bungweli lidayambitsidwa ndi a Barry ndi mai Andrea Coleman pamodzi ndi katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto, a Randy Mamola, ataona kuti m'maiko ambiri a mu Africa njinga ndi magalimoto a zaumoyo zinkafa msanga chifukwa chosoŵa ozisamala. Nzeru yawo idali yosadabwitsa koma yolimba: kuphunzitsa wokwera kuona mafuta, tcheni ndi mabuleki tsiku lililonse, ndi kusintha zitsulo zisanathyoke. Patapita zaka zochepa bungweli lidafika m'Malaŵi, ndipo okwera ake adayamba kunyamula magazi ndi makhololo oyezetsa kuchoka kuzipatala zing'onozing'ono kupita nazo kumene kuli makina, ndi kubwerera ndi zotsatira. Kwa mai wodikira kumva za khanda lake, njinga imeneyo idali yofunika kuposa BMW iliyonse.

Pambuyo pake padabwera chimene wojambula aliyense wa 2007 sakadachilota. Kabaza adayamba ndi njinga zakapalasa, zokhala ndi kakhushoni pa kaliyala, ndipo pa mtunda wa ku Lilongwe njinga zimenezo zidanyamula anthu, nkhuni ndi makala zaka zambiri. Chitapita chaka cha 2010, makamaka cha kumapeto kwa zaka khumi zotsatirazo, m'dziko mudadzaza njinga zamoto zotsika mtengo zopangidwa ku China ndi ku India, za injini ya 100cc kufikira 150cc, zina mwa izo zoloŵera m'malire a Mozambique. Mlimi wogulitsa bwino fodya, soya kapena mtedza adayamba kuganiza za njinga yamoto pamene bambo ake ankaganiza za ngolo ndi ng'ombe ziŵiri. Mudzi umene minibasi siifika udayandikira kumseu. Wodwala amene kale ankanyamulidwa pa ngolo usiku wonse adayamba kufika kuchipatala cha Mitundu m'kanthaŵi kochepa.

Mtengo wake nawo waoneka. Achinyamata ambiri adakwera njinga osaphunzira malamulo a pamseu, opanda chiphaso, opanda chipewa choteteza mutu, nthaŵi zina atanyamula anthu atatu ndi thumba pamwamba. Pa mseu wonga M1, umene udaikidwa phula Likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975 ndipo sudakonzedwere unyinji wotere, kanjinga kotero kamapikisana ndi malole opita ku Dedza ndi ku Tete. Madokotala a mafupa akhala akudandaula za kuchuluka kwa ovulala pa ngozi za kabaza, ndipo chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, chimene chidayamba kulandira odwala pafupi ndi Kamuzu Central mu 2023, chidapeza ntchito ikuchidikira. A McGregor adathyoka mwendo pa ngozi ya njinga ku London miyezi yochepa ulendo usanayambe, ndipo adachira nthaŵi yonyamuka isanakwane. Wakabaza akathyoka mwendo, banja lake limagona ndi njala miyezi yonse imene ali m'chikhakha.

Amuna a pa kanema aja adapitiriza maulendo awo. A McGregor ndi a Boorman adayenda South America mu 2019 pa njinga zamagetsi, ndipo a Clarkson ndi anzawo adatsazika oonera mu 2024 ndi ulendo wa ku Zimbabwe umene udakathera pa chidikha chomwe chija cha Makgadikgadi. Mamailosi 15,000 a Long Way Down ndi makilomita pafupifupi 24,000. Wakabaza wa pa Nathenje amene amayenda makilomita 80 pa tsiku, kuloŵa m'midzi ndi kubwerera pasiteji, amakwanitsa mtunda womwewo m'masiku 300, ndipo ena mwa masikuwo amakhala a Januwale ndi Febuluwale, pamene njira za kumadambo zimasanduka matope ndipo wokwera amatsika kuti athandize kukankha.